Mwana akapempha kamba: zoyenera kudziwa musanatole kapena kugula

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Salima, zonse zimene zinabisala chilimwe chonse zimatulukira poyera. Ngumbi zimauluka, abongololo amadzaza m'njira, bowa amaphuka m'mbali mwa zulu, ndipo kamba naye amadzuka kumene anagona n'kuyamba ulendo wake wosathamanga. Ndi nyengo yomweyi pamene ana opita kumunda ndi kubusa amatola akamba, ena n'kupita nawo kunyumba, ena n'kuima nawo pamsewu kudikira agalimoto.

Mu Disembala 2023 ndinali pa njinga yamoto ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 8, tikuchokera pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay kukaona amayi. Tili pakati pa ulendo tinapeza mnyamata atanyamula kamba m'mwamba, atam'manga chingwe cha mlaza kumwendo wakumbuyo.

"Abwana, kamba uyu! Woweta, wosewera naye ana!" anatero mnyamatayo.

Mwana wanga anandigwira malaya. "Ababa, tam'guleni. Taonani mwendo wake watupa."

Ndinagula. Ndalama yake inali yongokwana mulu umodzi wa usipa, ndipo mumtima ndinkadziuza kuti ndapulumutsa nyama. Patapita sabata imodzi ndinadutsanso pamalo omwewo, ndipo ndinapeza anyamata atatu ali ndi akamba asanu. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sindinapulumutse kamba ayi, koma ndinatsegula msika.

Ndalemba nkhaniyi kaamba koti pa ntchito yanga yoyendera alimi ndafunsidwa kangapo funso lomweli: mwana akufuna kuweta kamba, nanga tiyambe ndi wotani? Amafunsa ndi aphunzitsi, eni malo ogona alendo kunyanja, ngakhalenso alimi anzanga amene apeza kamba polima. Yankho langa ndi loti kusankha kamba sikuyambira pa kukongola kwa chigoba. Kumayambira pa mafunso atatu: kodi ndi kamba wanji, wachokera kuti, ndipo adzam'samala ndani mpaka mapeto?

Akamba si amodzi

Ambiri a ife tikaona chigoba chikuyenda timangoti kamba, ena amati fulu, basi. Koma nyama zachigoba zimene mungakumane nazo m'dziko muno zili m'magulu atatu, ndipo chakudya chimene chimanenepetsa wina chimapha mnzake.

Woyamba ndi kamba wa mawanga. Chigoba chake ndi chotumphuka ngati mphika wovundikira, chachikasu chokhala ndi mawanga akuda onga a kambuku. Akatswiri amam'tcha Stigmochelys pardalis. Amakonda madera otentha ndi ouma monga kuchigwa cha Shire. Ali wamng'ono amakwana m'dzanja la mwana, koma musanyengedwe. Pa akamba onse a pamtunda a dziko lapansi, iyeyu ndi wachinayi pa kukula. Wamkulu amatalika masentimita 40 ndi kulemera makilogalamu oposa 10, ndipo m'maiko ena alipo ofika makilogalamu 40. Ameneyu ndi ng'ombe yachigoba: chakudya chake chenicheni ndi udzu.

Wachiwiri ndi amene ine ndimam'tcha kamba wachitseko, ndipo ndi amene ana amatola kawirikawiri m'tchire lathu lino. Sakula kwambiri, amalekezera pa masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Mukayang'ana chigoba chake chapamwamba, chakumbuyo, pamwamba pa miyendo, muona mzere wofewa wodutsa chopingasa. Pamenepo chigoba chimapindika ngati chitseko cha mahinjesi, kotero akaopsedwa amatseka kumbuyo kwake n'kubisa miyendo ndi mchira. Ana ake aang'ono sakhala ndi chitsekochi, chimabwera akamakula. M'Malawi muno muli mitundu iwiri ya kambayu. Wina amatchedwa Kinixys spekii, ndipo mnzake ndi Kinixys zombensis, dzina limene katswiri wina, John Hewitt, anam'patsa mu 1931 potengera dzina la Zomba wathu yemweyu. Kamba wachitseko sadya udzu wokha. Amadya nkhono, abongololo, nyongolotsi zam'nthaka, tizilombo, bowa ndi zipatso zakugwa. M'chilimwe amabisala m'maenje a m'chulu, pansi pa zipika kapena m'masamba ouma mpaka mvula itagwa.

Gulu lachitatu ndi la nkhasi, zimene zimakhala m'madzi. Asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka amazidziwa bwino pakuti zimakodwa m'maukonde ndi m'mbedza. M'nyanja muli nkhasi yaikulu ya chigoba chofewa chonga chikopa, ndipo m'madambo ndi m'mitsinje monga Linthipe muli zina za chigoba cholimba. Nkhasi muidziwa ndi chigoba chophwatalala komanso mapazi opalasira madzi a zikhadabo zakuthwa, pamene miyendo ya kamba wa pamtunda ndi yonga tizipilala. Nkhasi imadya nyama, imaluma, ndipo zina zikagwidwa zimatulutsa fungo loipa losatha msanga m'manja. Imafuna dziwe la madzi osinthidwa nthawi ndi nthawi. Imeneyi si ya munthu wongoyamba kumene, ndipo sindikambanso zoiweta.

Kusiyanitsa magulu amenewa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Ndinamvapo za munthu amene anaponya kamba wachitseko m'mgolo wa madzi poganiza kuti akum'chitira chifundo. M'mawa mwake anam'vuula atafa.

Lamulo likuti bwanji

Ndivomere pano kuti tsiku lija ndinalakwa kawiri. Kuwonjezera pa kutsegula msika, ndinatenga nyama yakutchire n'kuisunga pakhomo popanda chilolezo.

Lamulo loona za malo osungirako nyama ndi nyama zakutchire, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 1992, limaika nyama zakutchire m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Nyama siikhala yanu kaamba koti mwaipeza m'munda mwanu. Mu 2017 lamuloli linakonzedwanso ndipo zilango zinakhwima, moti wopezeka ndi minyanga ya njovu kapena ngaka akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Kamba si njovu, koma ndi lamulo lomweli limene limafuna kuti wosunga nyama yakutchire pakhomo akhale ndi chilolezo chochokera ku Dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Tsono phazi loyamba la munthu wofuna kuweta kamba liyenera kuponda ku ofesi imeneyi, osati kutchire kapena pamsewu.

Ndipo kwa anzathu amene amagulitsa zinthu kwa alendo kunyanja, dziwani kuti akamba onse a pamtunda ali pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES, limene limayang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa maiko. Malawi analowa m'panganoli mu 1982. Mlendo sangatuluke m'dziko muno ndi kamba wamoyo kapena chigoba chake popanda zikalata.

Wina afunsa kuti, kamba mmodzi yekha angachepetse chiyani? Taganizani za kabadwidwe kake. Nkhuku yachikuda imayamba kuikira isanathe chaka, ndipo mazira ake amaswa pa masiku 21. Kamba wa mawanga amayamba kuikira ali ndi zaka pakati pa 12 ndi 15, ndipo mazira ake amakhala m'nthaka miyezi 8 mpaka kupitirira chaka asanaswe. Kamba wachitseko amaikira mazira owerengeka chabe. Mwa ana oswedwawo, ambiri amathera m'kamwa mwa akhwangwala, ang'azi, anang'omba, agalu ndi linthumbu, ndipo otsala amapsa ndi moto wolusa. Kamba wamkazi mmodzi wamkulu amene mwam'chotsa kutchire ndi amene anapulumuka zonsezi kwa zaka zambiri. Malo ake satsekeka msanga.

Adzam'lera ndani

Tikagula mbuzi timadziwa kuti pakatha zaka zochepa idzagulitsidwa kapena kudyedwa. Galu akakhalitsa ndi zaka khumi ndi zingapo. Kamba ndi wosiyana. Wa mawanga akasamalidwa bwino amapitirira zaka 50. Wachitseko amatha kupitirira zaka 20. Pa chilumba cha Saint Helena, kamba wamkulu wa mtundu wa ku Seychelles wotchedwa Jonathan anafika kumeneko mu 1882 ali wamkulu kale, ndipo mu 2022 anthu anam'chitira chikondwerero cha zaka pafupifupi 190.

Mwana wanga ali ndi zaka 8 ankafuna kamba ndi mtima wonse. Koma mwana wa zaka 8 adzapita ku sekondale yogonera komweko, adzapita kukafuna ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni, adzakwatiwa. Kamba adzakhala ali pompo, akufuna udzu ndi madzi tsiku lililonse. Choncho wosankha kamba si mwana ayi, ndi kholo. Ngati mumakhala nyumba ya lendi, kapena ntchito yanu ndi yosamukasamuka, yankho mwalipeza kale.

Kumbukiraninso kuti kamba si galu. Sakondwera kunyamulidwa, sabwera mukamuitana, ndipo kusewera naye kwa iye ndi mazunzo. Akuluakulu anati kamba anyera amene wam'tola. Ife timaunena mwambiwu pokamba za munthu wosayamika, koma uli ndi choonadi china chimene ndinachimvetsa nditaphunzira za nyama ku Bunda. Kamba amasunga madzi m'chikhodzodzo mwake, ndipo madzi amenewo ndiwo nkhokwe yake ya chilimwe. Mukam'nyamula amachita mantha n'kutaya madzi onsewo pofuna kuti mum'siye. Mu Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 30 ndipo zithaphwi zonse zitauma, kamba amene wataya madzi ake akhoza kufa ndi ludzu. Sikuti ndi wosayamika. Wataya chuma chake chonse pogula moyo.

Ziweto zanu ndi ana anu

Mlimi ali ndi chifukwa china chochenjerera. Kamba wochokera kutchire kawirikawiri amakhala ndi nkhupakupa zikuluzikulu m'khosi, m'khwapa ndi kumchira. Zina mwa nkhupakupa zimenezi zimatha kunyamula tizilombo toyambitsa matenda a heartwater, amene amadzaza madzi mozungulira mtima ndi m'mapapo mwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Matendawa amapha kwambiri ziweto zachizungu monga ng'ombe zamkaka ndi mbuzi za mtundu wa Boer. M'chaka cha 2000 dziko la America linaletsa kulowetsa mitundu itatu ya akamba a ku Africa, kuphatikizapo wa mawanga ndi mtundu wina wa wachitseko, pa chifukwa chomwechi.

Musandimve molakwa. Kuno kwathu amene amafalitsa kwambiri matendawa ndi nkhupakupa za pa ng'ombe zomwezo, kotero palibe chifukwa chophera kamba amene akudziyendera kutchire. Chimene ndikunena ndi choti musam'tole n'kukamuika pafupi ndi khola la mbuzi.

Pali chenjezo lina lofunika kwambiri kwa ife amene timasunga mankhwala a ziweto m'nyumba. Mankhwala a ivermectin, amene timabaya mbuzi ndi ng'ombe pothana ndi nyongolotsi ndi nkhupakupa, ndi poizoni kwa kamba. Ngakhale pang'ono chabe amam'foola ziwalo n'kumupha. Dibi wa ng'ombe nayenso musam'sambitse. Nkhupakupa za pa kamba zimazulidwa imodziimodzi ndi kachitsulo kopanira, kugwira pafupi ndi khungu ndi kukoka pang'onopang'ono, kenaka n'kuzitentha.

Kwa ana, vuto ndi tizilombo ta salmonella timene akamba ndi nkhasi amakhala nato m'matumbo iwo osadwala. Kwa munthu timayambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo timaopsa kwambiri kwa makanda, okalamba ndi odwaladwala. Ku America komweko, mu 1975, boma linaletsa kugulitsa tinkhasi tating'ono tosakwana masentimita 10 kaamba ka kuchuluka kwa ana odwala. Aliyense wogwira kamba asambe m'manja ndi sopo. Kamba asalowe kukhitchini, mbale yake isatsukidwire pamodzi ndi za anthu, ndipo pakhomo pamene pali mwana wokwawa ndi bwino kuyamba mwadikira.

Tsono musankhe uti

Tiyerekeze kuti mafunso onse aja mwawayankha, malo muli nawo, ndipo chilolezo mwapatsidwa. Sankhani kamba wobadwira m'manja mwa anthu, kapena amene akuluakulu oona za nyama aona kuti sangabwererenso kutchire. Iwowo ndiwo angakulozereni kumene ali.

Pa mitundu iwiri ija, wosavuta kudyetsa ndi wa mawanga, pakuti udzu uli ponseponse, amapirira kutentha kwathu kuno, ndiponso amayenda masana moti mwana amamuona. Vuto lake ndi kukula ndi zaka. Wachitseko satenga malo ambiri, koma ndi wamanyazi, amafuna mthunzi ndi chinyezi, amafuna nkhono ndi tizilombo tamoyo, ndipo theka la chaka amakhala atabisala. Ambiri ogwidwa kutchire amakana kudya n'kumafooka pang'onopang'ono mwini osadziwa. Kwa wongoyamba kumene amene ali ndi bwalo lalikulu, ine ndimalangiza wa mawanga.

Musatenge kakhanda. Kamwana ka kamba n'kokongola, koma chigoba chake n'chofewa, kamauma thupi msanga, ndipo khoswe kapena khwangwala amakatha tsiku limodzi. Tengani amene wakula kufika pa dzanja la munthu wamkulu. Yambani ndi mmodzi. Kamba sasungulumwa, ndipo amuna awiri akakhala pamodzi amagundana mpaka wina kugadabuzika. Kamba wogadabuzika padzuwa la ku Salima sachedwa kufa. Wamwamuna mum'dziwa ndi mchira wautali ndi chigoba chapansi cholowa mkati ngati mbale, pamene wamkazi mchira wake ndi waufupi ndipo pansi pake m'posalala. Mitundu yosiyana musaiphatikize m'khola limodzi.

Musanam'landire, muyeseni motere. Wathanzi amalemera ngati mwala wa msinkhu wake, wodwala amapepuka ngati chigoba chopanda kanthu. Maso akhale otseguka ndi owala, osatupa. Mphuno ikhale youma, yosatuluka thovu, ndipo asamapume motsegula kukamwa kapena molira. Chigoba chikhale cholimba, chopanda ming'alu, mabala kapena fungo. Mukakoka mwendo pang'ono, aubweze mwamphamvu. Muikeni pansi mudikire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kambanso ndi chimodzimodzi. Akatulutsa mutu n'kuyamba kuyenda, thupi lake lidzuke pansi, asamakhwekhwereze mimba.

Khola lake

Mangani khola kamba asanabwere. Katoni, beseni ndi mgolo si khola. Kumanga chingwe kumwendo kumatupitsa mwendo mpaka kuola. Choipitsitsa ndi chizolowezi choboola chigoba ndi msomali wamoto kuti pamangidwe waya. Chigoba si nyumba imene kamba amalowamo ndi kutuluka. Ndi thupi lake lenileni, nthiti ndi msana wake zolumikizana, ndipo muli magazi ndi mitsempha. Kuboola chigoba n'chimodzimodzi kuboola fupa la munthu. Utoto nawonso musam'pake.

Ndikunena izi ndi manyazi pakuti ndinazichitapo. Ndili mwana ndinaboola kamba, ndinam'mangirira ku mtengo wa nsawa yakutchire kuseri kwa nyumba, n'kumam'patsa mkute. Mthunzi utasuntha iye analibe kothawira. Sanathe mwezi.

Kamba wa mawanga wamkulu m'patseni malo osachepera mamita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi, ndipo mukaonjezera ndi bwino koposa. Khoma likhale la njerwa, lotalika kufika m'maondo mwa munthu wamkulu, lolowanso pansi pang'ono pakuti mchenga wathu kuno sulimba. Waya woonekera kunja si wabwino, chifukwa kamba akaona kunja amakankha tsiku lonse mpaka kudzivulaza, ndipo wachitseko amakwera waya ngati makwerero. Mukhale mbali ya dzuwa ndi mbali ya mthunzi wosasuntha. Dzuwa la m'mawa amalifuna kuti thupi litenthe ndi kuti mafupa ndi chigoba zilimbe, koma la masana amalithawa. M'mangireni kachisakasa ka udzu kokhala ndi masamba ouma mkati, kotchinga mphepo ya mwera m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Khola lisakhale pamalo odikha madzi m'dzinja.

Madzi aikidwe m'mbale yaikulu yosazama, yokwiriridwa kulingana ndi nthaka, yoti alowemo ndi kutuluka yekha, madzi osapitirira pachibwano pake. Asinthidwe tsiku ndi tsiku pakuti amakonda kuchitiramo chimbudzi. Galu asafikeko. Ngakhale galu wofatsa amaona kamba ngati fupa loyenda. Nkhuku nazo zimajompha maso.

Chakudya chake

Nsima, mpunga, buledi, mkaka, usipa ndi zotsala za m'mbale si chakudya cha kamba. Akhoza kudya, koma zimamuononga mkati pang'onopang'ono. Mukaona kamba woweta amene chigoba chake chamera timapiritimapiri m'malo mokhala chosalala, dziwani kuti anakula ndi chakudya cholakwika ndiponso pamalo ouma kwambiri.

Wa mawanga adye udzu koposa china chilichonse. Dzalani kapinga m'khola momwemo kuti azidzidyera yekha. Onjezerani chisoso, khovani, nkhwani, kholowa ndi masamba a mabulosi. Bonongwe, kabichi ndi mpiru zikhale za apo ndi apo. Mango, papaya ndi nthochi amazikonda, koma zimam'tsegula m'mimba, choncho kachidutswa kamodzi patalipatali n'kokwanira. Wachitseko, kuwonjezera pa masamba ndi zipatso pang'ono, m'patseni nkhono, nyongolotsi zam'nthaka ndi abongololo, ndipo m'khola mwake muunjike masamba oola amene muziwazamo madzi.

Musam'patse chigwada chosaphika, masamba a fodya, a tomato, a mbatata ya kachewere, a mapeyala, kapena nkhadze. Ndipo popeza kuno ndi kwa alimi a thonje, chenjerani ndi kumene mukumweta udzu. Udzu wa m'mphepete mwa munda wa thonje kapena dimba la tomato lopoperedwa mankhwala, ngakhalenso nkhono zotola mmenemo, zikhoza kumupha tsiku lomwelo.

Kutchire kamba amatafuna mafupa akale, ngakhale ndowe zoyera za fisi, pofuna mchere wolimbitsa chigoba. Pakhomo m'ponyereni fupa louma lakale, kapena sinjani makoko a mazira owiritsa n'kuwaza pa chakudya kawiri pa sabata. Chakudya chiikidwe pa mwala wosalala, osati pamchenga, pakuti mchenga ukachuluka m'mimba umatseka matumbo.

Zimene tinachita ndi kamba wathu

Titafika naye kwa amayi tsiku lija, iwo anamuyang'ana kamba, anandiyang'ana ine, n'kuseka.

"Kodi sukulu yonse ija munaphunzira, sanakuuzeni kuti ameneyu ali ndi kwawo?" anatero. Kenaka anatembenukira kwa mwana. "Mdzukulu wanga, ameneyu ndi uja anagwira Kalulu pachitsime nyama zonse zitalephera. Si wom'manga chingwe."

Anali kamba wachitseko, wamkazi, wolemera bwino. Tinadula chingwe, tinazula nkhupakupa zinayi, tinamuika m'mbale ya madzi osazama ndipo anamwa kwa nthawi yaitali. Anakhala nafe masiku 9 m'kampanda ka njerwa pansi pa mtengo wa mango kufikira mwendo utaphwa. Masiku onsewo anadya nkhono ziwiri zokha. Mwana wanga ankakhala pambali pake madzulo alionse, ndipo ndi iye yemwe anayamba kunena kuti kambayo sakusangalala.

Kamba amadziwa dera lake: pamene pali madzi, pobisala, ndi pamene pamamera bowa. Mukakam'taya kutchire lachilendo amangoyendayenda kufuna kwawo mpaka kugundidwa pamsewu. Choncho ndinam'funafuna mnyamata uja, ndipo anatilondolera pa chulu china kuseri kwa munda wa agogo ake pamene anam'tola. Tinamuika pansi m'mawa kutagwa mvula. Anakhala kanthawi, anatulutsa mutu, n'kulowa m'udzu osacheuka. Mwana analira pang'ono pobwerera.

Izi zimatheka ndi kamba amene wangotoledwa kumene ndipo malo ake akudziwika. Amene wakhala pakhomo miyezi kapena zaka, kapena wasakanizidwa ndi akamba ena, musam'masule nokha, pakuti akhoza kutengera matenda kwa anzake akutchire. Dziwitsani a Dipatimenti yoona za nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Centre, amene amalandira nyama zovulala ndi zolandidwa. Mukam'peza akuoloka msewu, m'nyamuleni ndi manja awiri, chapansipansi, osam'pendeketsa, n'kumuika kutsidya kumene amalowera. Ndipo mwana wofuna kudziwa nyama mupite naye ku Kuti, pafupi ndi boma la Salima pomwepa, akaone nyama zili kwawo.

Chaka chotsatira, pososa, ndinapempha amayi kuti tisatenthe mzere wa tchire wa kumalire kwa munda wawo, pamene pali chulu ndi mitengo iwiri. Tinalambula mozungulira kuti moto wa anansi usalowe. Kwa mlimi izi zili ndi phindu lake kale: mapesi ndi udzu wosapsa zimasunga chinyezi ndi chonde, ndipo mzere wa tchire umatchinga madzi okokolola nthaka. Kamba wachitseko akakhalamo amathandizanso kudya nkhono zimene zimaononga mbewu zanthete.

Mu Januwale 2025, tikupalira chimanga, mwana wanga anafuula kuchokera kumalire kuja. Pansi pa chitsamba panali kamba, kukamwa kuli bowa. Sanam'nyamule. Anakhala pansi chapatali n'kumamuonerera mpaka anamaliza kudya. Kuyambira tsiku limenelo, tikafika kwa agogo ake m'dzinja, amayamba wathamangira kuchulu asanalonjere n'komwe, ndipo anzake kusukulu amawauza kuti ali ndi kamba.

Alimi anzanga, ngati mwatsimikiza zoweta, yambani ndi chilolezo, mangani khola, ndipo sankhani mwa njira imene ndafotokozayi. Koma ngati muli ndi munda wokhala ndi chulu ndi kathengo kumalire, musatenthe chaka chino. Mwina kamba woyamba wa mwana wanu ali momwemo kale, ndipo safuna khola, chingwe kapena ndalama.